Kuyenda m'mbali mwa Shire ku Liwonde: mbalame ndi mapazi a nyama

Wa ku Balaka:
Akuluakulu, mu Okutobala muno tikufuna kukayenda wapansi m'mbali mwa Shire ku Liwonde National Park, kukaona mbalame ndi kuphunzira kuzindikira mapazi a nyama. Tinyamuke nthawi yanji? Phazi la fisi ndi la mkango mumalisiyanitsa bwanji? Mtima wathu uli pa kadzidzi wodya nsomba uja, Pel's fishing owl.

Mlondamapazi:
Choyamba, m'pakimo simuyenda nokha. Pamakhala gaidi ndi sikauti wa mfuti, inu pambuyo pawo mumzere umodzi. Chitengereni pakiyi a bungwe losamalira mapaki la African Parks mu 2015, anabweretsa ma cheetah mu 2017 ndi mikango mu 2018, ndiye si Liwonde wakale uja.

Nyamukani kukangoyera. Dzuwa likakhala pansi, kadzenje ka phazi kamakhala ndi mthunzi ndipo kamaoneka bwino; likafika pamutu, dothi lonse limangoti mbee. Imani moti phazi likhale pakati pa inu ndi dzuwa, ndipo muziyenda pambali pa mapaziwo, osawaponda.

Za fisi ndi mkango, yang'anani zikhadabo. Mkango umabisa zikhadabo poyenda, fisi zake zimalemba pansi. Kenako onani chidendene: cha mkango chili ndi timabondo titatu kumbuyo, cha fisi tiwiri, topendekeka, ndipo zala zake n'zopindika, zothinana. Amene amasokoneza ophunzira ndi cheetah: timabondo titatu ngati mkango, koma zikhadabo zikuoneka. Chimbudzi cha fisi chikauma chimayera chifukwa cha mafupa.

Njovu phazi lakutsogolo n'lobulungira, lakumbuyo n'lotalikirapo. Zungulizani chingwe phazi lakutsogolo, muyese, muchulukitse kawiri: mwapeza msinkhu wake polekeza paphewa. Phazi la masentimita 40 m'mimba mwake ndi njovu ya mamita pafupifupi awiri ndi theka. Pamatope musayese, phazi limaphwasuka n'kukunamizani.

Chovuta kwambiri ndi kudziwa kuti nyama yadutsa liti. Phazi latsopano m'mphepete mwake n'mosongoka, timizere ta kuphazi kwa njovu tikuoneka. Likapondedwa ndi nkhanga kapena nkhwali, ndiye kuti nyamayo inadutsa mbalamezo zisanatsike m'mitengo kapena kuyamba kusaka chakudya, kutanthauza usiku. Ndowe iswani ndi kamtengo, muyandikize kuseri kwa dzanja. Ikafunda, mwini wake ali pafupi. Koma dzuwa likakwera ndowe iliyonse imafunda, apa dalirani kunyowa kwake ndi ntchentche.

Nantchengwa:
Pa za kadzidzi, musataye nthawi kuyang'ana pamadzi. Masana amagona m'mitengo ikuluikulu ya masamba othithikana yomwe yaweramira mtsinje, ndipo ngakhale ndi wamkulu, wofiirira, mukhoza kudutsa pansi pake osamuona. Yambani ndi pansi: zitosi zoyera, mamba ndi minga ya nsomba, nthenga yofiirira ya mizere. Mukapeza zimenezi, bwererani m'mbuyo pang'ono, muyang'ane nthambi imodziimodzi kuyambira pathunthu. Anthu amalakwa poima pansi penipeni pa mtengo n'kumaloza ndi mkono. Kadzidziyo akadzidzimuka n'kuuluka masana, nkhwazi ndi mbalame zina zimamuthamangitsa, ndiye mwamuzunza, komanso mwawonongera obwera mawa. Zomuitana ndi mawu a pafoni zisiyeni ndithu.

Binoculars tengani ya 8x42, yomwe imakuza chinthu ka 8. Ya 10 imakokera pafupi inde, koma imaona malo ochepa ndipo imanjenjemera m'manja. Mumthunzi mbalame imachoka musanaipeze. Diso likhale pa mbalame, binoculars ndiye ibwere kumaso. Mukaweramira kaye pachifuwa, yapita.

Zina zoti musaphonye: Böhm's bee-eater m'tchire la m'mbali mwa madzi, imakhala panthambi yotsika, kuuluka n'kubwerera pomwepo. Lilian's lovebird zili m'nkhalango ya tsanya, zimagona m'mphako ndipo zimapita kukamwa m'magulu m'mawa. Mumayamba kumva phokoso musanazione. African skimmer ndi ya pamchenga, mlomo wapansi wautali kuposa wapamwamba, imaseta nawo madzi. Imeneyi imaoneka bwino muli pabwato. Muuzeni woyendetsa achepetse liwiro, chifukwa imaikira mazira pamchenga weniweni ndipo mafunde a injini amamiza zisa. Mbalame zochokera ku Ulaya ndi Asia zambiri mudzaziona bwino kuyambira Novembala mpaka Epulo, koma nthawi imeneyo udzu umatalika ndipo njira zina zimalowa madzi.

Wa ku Balaka:
Zikomo kwambiri. Nanga mvuu? Ena akuti m'mawa ndiye zoopsa.

Mlondamapazi:
Akunena zoona, ndipo pamenepa ndiwonjezere pa zonyamuka m'mamawa zija. Mvuu imadya udzu kumtunda usiku n'kubwerera kumadzi m'bandakucha, ndiye yochedwa mumakumana nayo nthawi yomweyo imene mapazi akuoneka bwino. Njira yake siivuta: timikwasa tiwiri toyandikana, kaudzu pakati, phazi la zala zinayi, ndowe yomwazikira pazitsamba chifukwa imaipukusa ndi mchira. Onani kumene mapazi atsopano aloza. Ngati okwera kumtunda alipo koma obwerera palibe, ikadali kumtunda, ndipo inu mwaima pakati pa iyo ndi madzi. Dutsani njirayo mopingasa, msanga, osaitsatira. Mu Okutobala nkhunzi yogonja pankhondo imatha kugona m'chitsamba tsiku lonse ili ndi mabala.

Kugombe siyani mamita asanu kapena kuposa. Mzere wa mchira pamatope, mapazi uku ndi uku, ndi ng'ona. Wopyapyala wa zala zazitali ndi ng'azi.

Mayi wa ku Mangochi:
Zovala za buluu ndi zakuda zimaitana kashembe, valani za khaki kapena zobiriwira. Ikani phulusa m'kasokosi, mukagwedeza mumadziwa kolowera mphepo. Izichokera kwa nyama kubwera kwa inu. Madzi malita awiri aliyense, ndipo pofika 9 koloko mukhale mukubwerera, Okutobala wa ku Liwonde sasewera. Anyani akayamba kubwebweta ali m'mwamba mwa mtengo, onse atayang'ana mbali imodzi, imani kaye mumve zimene sikauti anene.