Thandizeni abale, buleka ikumangogwa ndikayatsa hita

Membala wobisa dzina: Moni nonse, a admin chonde dzina langa lisaoneke. Ndimakhala ku backroom ku Rosettenville ndi ana awiri, kuzizira kwa June kuno ku Joni mukukudziwa. Ndikangoyatsa hita kenako ketulo magetsi phi, nde landilodi amabwera kudzandikalipira pamaso pa ana ngati sindilipira lendi pomwe mwezi wathawu wakweza osandiuza nkomwe, geti yothyoka ija mpaka lero sanakonze. Bambo a anawa ali ku Cape Town amangoti tiona tiona, kumudzi nakonso akudikira fizi ya mng'ono wanga. Mwana wa neba akuti ndiwerengere ma watts ndi ma ohms koma sindikudziwa poyambira. Kodi hitayi ndi yowonongeka kapena munthuyu akungofuna ndisamuke?

Mayi wa ku Turffontein: Pepani asisi. Landilodi wanga ankatseka magetsi 9 koloko usiku, mwana anadwala chifuwa mpaka kugonekedwa. Ndinasamuka ndikulira, dipoziti sanandibwezere mpaka pano.

Wamagetsi wa ku Jeppe: MAYI MWALEMBA ZAMBIRI KOMA CHOFUNIKA MWASIYA. Pa buleka, kaswitchi kodula magetsi katundu akachuluka kaja, palembedwa nambala yanji? Hita ndi ya ma watts angati? Geti ikutikhudza chani ife? Tembenuzani ketulo, pansi pali kasitika. Kuno magetsi ndi 230 volts, nde ma watts mugawe ndi 230 mupeza ma amps. Ketulo ya 2000W ikukoka 8.7A. Hita ya 1500W ndi 6.5A. Kasitovu ka mapuleti awiri ka 2000W ndi 8.7A inanso. Zonse pamodzi pafupifupi 24A pomwe buleka ya masoketi nthawi zambiri imakhala 20A, kutanthauza 20 kuchulukitsa 230, malire ndi 4600W basi. Ikagwa ikugwira ntchito yake.

Mnyamata wa ku Ndirande: Gasi amwene gasi. Ine ndinasiya zophikira magetsi nthawi ya load shedding, 9kg imandikwanira bwinobwino. Amene akufuna silinda andipeze ku inbox.

Gogo wa pagulu: Ana amasiku ano hita hita, bulangete mulibe? Munabwera kudzasaka ndalama kapena kudzaotha? Komanso nkhani ya amuna anu siyobweretsa pagulu mwanawe.

Dalaivala wa ku Tembisa: Zophweka izi, gulani buleka ya 40A muike, kwanga ndinatero sikugwanso.

Wamagetsi wa ku Jeppe: ACHIMWENE MUPHETSA ANTHU. Waya wa masoketi ndi 2.5mm², buleka ya 20A anaiika kuti iteteze wayawo. Mukaika 40A waya azitentha mkati mwa khoma buleka ili phee, mudzadzuka denga likuyaka ana ali mtulo. Fufutani zimenezo.

Dalaivala wa ku Tembisa: Inu mumangofuna tizikuitanani muzidya ndalama zathu. Nyumba yanga ilipo sinapse.

Mtsikana wa ku koleji: Ine ndimaona ngati hita yawo ili ndi resistance yambiri nde chifukwa chake ikudya magetsi.

Wamagetsi wa ku Jeppe: Ayi mwatembenuza achemwali. Resistance imayezedwa mu ma ohms, ndipo ma ohms ndi ma volts kugawa ndi ma amps. Ketulo ija 230 kugawa 8.7 ikupereka 26 ohms. Babu lakale lija la 100W likayaka ndi 529 ohms. Chikudya kwambiri ndi chiti, si ketulo? Ma volts akakhala omwewo, ma ohms ochepa ndi amene amalola magetsi ambiri kudutsa. Hita ya 1500W element yake, waya wotenthetsa wa mkati uja, izikhala cha m'ma 35 ohms, mukaizula pa soketi nkuyeza ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, nkupeza 5 kapena 0 ndiye kuti mkati mwagundana mawaya, itayeni. Koma chimene chimandipweteka ine ndi ma ekisitenshoni otchipa mukugula mumsewuwa, ambiri analembedwa 10A, ndi 2300W yokha imeneyo, inu mwalumikizapo hita, ketulo, ayironi. Chaka chatha ndinapeza ina itasungunuka pansi pa bedi la mwana, mpaka lero ndikaganiza thupi limachita tsembwe.

Mayi wa ku Turffontein: Koma bambo inu mumayankhula ngati mukukalipa, munthu ali pamavuto kale.

Mlongo wa ku Yeoville: Asisi gwirani pulagi ya hita ikayaka kanthawi, ikamatentha kapena kununkha pulasitiki muzimitse pompo. Komanso onani ngati ikugwa ndi ija ili ndi kabatani ka test, imeneyo ndi earth leakage, imagwa chipangizo chikamataya magetsi olo katundu asachuluke. Yanga inali ketulo yodontha.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Hita yalembedwa 2000W ndaona. Bulekayo sindinaionepo ili m'nyumba mwa landilodi amakiya, ndipo waya wake ndi umodzi ukudyetsa ma room atatu, neba winayo ali ndi filiji ndi sitovu. Gogo amuna anga sindinawanyoze ine.

Wamagetsi wa ku Jeppe: MA ROOM ATATU WAYA UMODZI? Nde bwanji osanena poyamba paja? Hita ndi ketulo zanu zokha ndi 17.4A, neba akangoyatsa puleti limodzi la 1000W mwadutsa kale 20A. Hita ilibe mlandu. Pakadali pano muzizimitsa hita mukamawiritsa madzi, mugwirizane ndi anebawo nthawi yophika, ndipo mupite nonse atatu kwa landilodi akujambulireni bulekayo mutumize pano ndione nambala.

Mnyamata wa ku Ndirande: Silinda ikadalipo asisi.