Munthu akadwala mwakayakaya pa cruise ship pakati pa nyanja, helikopita imabweradi?

Nachi22:
Abale ndithandizeni. Mayi anga akufuna akakwere cruise ship (sitima yaikulu yapanyanja ya anthu okasangalala) ndi achemwali anga koma ali ndi vuto la mtima plus BP, ndiye tulo sindikuliona, ndikungoganiza kuti atadwalika pakati pa nyanja zingathe bwanji. Ndimaona mavidiyo helikopita ikukoka munthu ndi chingwe, zimachitikira aliyense zimenezija? Nanga amalipira ndani?

Wapadeki:
Achemwali, ine ndagwirapo ntchito m'sitima zimenezi. Helikopita si ambulansi yoti mungoimba foni ibwere ayi. M'sitimamo muli kachipatala, dokotala ndi manesi, iwowo ndi amene amayamba. Zikawakulira dokotala amauza kaputeni, kaputeni amalumikizana ndi a Coast Guard (gulu lolondera ndi kupulumutsa anthu panyanja), ndipo ku America dokotala wawonso amayamba waunika ngati kumukweza munthuyo kuli bwino kuposa kumusunga mpaka padoko, poti wodwala mtima kumulendewetsa m'malere mphepo ili kuu si masewera.

Ndinaonapo kamodzi usiku. Anachotsa anthu onse pamwamba ndi m'makhonde, mipando tinamanga, sitima inatembenuka malinga ndi mphepo. Helikopita sinatere, inangoima m'mwamba nkutsitsa munthu wawo ndi machira. Chingwe chija sugwira chisanakhudze pansi, chimakhala ndi magetsi oti chikhoza kukugwetsa. Wodwalayo anali agogo ena aamuna, anawamanga bwinobwino mpaka kumutu, ndimangoona akazi awo atagwira pakamwa, mpaka pano ndimawakumbukira.

Mlongo_T:
Nkhani ina ndi mtunda. Helikopita ya MH-60 Jayhawk ya US Coast Guard imafika ma nautical miles pafupifupi 300 (makilomita pafupifupi 550) kuchokera kumtunda, kupitirira apo sitima ndi imene imathamanga kuti iyandikire, nthawi zina maola ambirimbiri. Mu May 2024 asilikali a US Air Force anakatenga wodwala pa sitima ya Carnival Venezia ma miles opitirira 350 kuchokera kumtunda, mahelikopita ake mafuta ankamwera m'malere momwemo. Koma zoterozo sizichitika kawirikawiri, musadalire.

Nachi22:
Eish ndiye bilu yake ingakhale yotani??

Mlongo_T:
US Coast Guard silipiritsa kupulumutsa munthu. Chomwe chimaliritsa anthu ndi chipatala cha m'sitima, chipatala chomwe akakusiyani kudziko la eni, ndi ndege yobwerera yokhala ndi manesi. Maiko ena malamulo ake ndi ena.

Wapadeki:
Ndiye muwagulire inshuwalansi yolemba medical evacuation (kunyamula wodwala mwachangu kupita naye kuchipatala), ndipo matenda a mtimawo muwaulule polembetsa, mukabisa adzakana kulipira. Adokotala awo ayambe avomereza. Musankhe ulendo woima m'madoko pafupipafupi, osati wodutsa Atlantic masiku 6 kapena 7 osaona mtunda. Mankhwala atenge opitirira masiku a ulendo ndi kapepala ka mayina ake, zikhale m'chikwama cha m'manja.

Nachi22:
Zikomo kwambiri nonse, Lolemba ndipita nawo kwa adokotala tikamve kaye.