Nanzikambe wafika atada bii, maso ali tsinzinu: ndinalakwitsa pati?

Woweta wachinyamata:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru, mutu waima. Lachinayi madzulo ndinatumiza nanzikambe wamkazi wa mtundu wa veiled, wa miyezi 9, kwa mayi wina amene anamugula. Akampani yonyamula katundu ankati afika Lachisanu m'mawa, koma katoni inagona kudepoti mpaka Loweruka masana. Mayiwo potsegula anamupeza atada bii ngati khala, ali khumaa pakona, kukamwa kuli yasa. Lero ndi Lolemba, sanadyebe, akutsinzina ngakhale masana, ndipo akuti akungotsikira pansi pa khola. Ndinamuika mu kontena ya pulasitiki yoboola, pansi ndinayala pepala lonyowa, ndipo kunsi kwa kontenayo ndinaikako kathumba kotenthetsera poti usiku kukuzizira. Mayiwo akumamunyamula kangapo patsiku n'kumuthira madzi m'kamwa ndi sirinji. Ndamulera ndekha kuchokera kudzira, tulo sindikutipeza.

Woweta wamkulu:
Achimwene, musanawerenge zina zonse, aimbireni mayiwo asiye sirinjiyo pompano. Kabowo kopumira ka nanzikambe kali pansi m'kamwa momwemo. Madzi okakamiza akalowera mmenemo amapita kumapapo, ndiye mudzakhala ndi matenda awiri m'malo mwa amodzi. Kunyamulanso asiye. Iwo akuona ngati akumusisita, koma kwa iye dzanja lochokera kumwamba ndi kabawi. Amubwezere pa nthambi, aphimbe mbali zitatu za khola ndi nsalu, khola aliike pamwamba kuti aziona anthu ali kunsi kwake. Ana, mphaka, kalilole, zonse kutali. Ngakhale chithunzithunzi chake chomwe pagalasi amachiyesa mdani.

Wolongedza zamoyo:
Pepani achimwene. Ndifunseko ziwiri: kathumba kotenthetserako kanali kamtundu wanji? Nanga mu kontenamo munali kamtengo kogwirira?

Woweta wachinyamata:
Kanali kaja kotenthetsa manja kukazizira. Kamtengo sindinaikemo, ndimaopa kuti kamubaya katoni ikamagwedezeka.

Wolongedza zamoyo:
Ndiye vuto lagona pamenepo, osati pa kuchedwa pokha. Timatumba ta manja timatentha mwadzidzidzi, n'kuzima pakangopita maola owerengeka. Ndiye kuti usiku woyamba mwanayo anali pachiwaya, pepala lonyowa lija likutulutsa nthunzi, alibe pothawira. Usiku wachiwiri anali pachinyezi chozizira. Kuyasama kuja ndiko kulira kwake kukatentha kapena akachita mantha.

Timatumba totumizira zamoyo timalembedwa maola 40 kapena 72, ndipo timatentha pang'onopang'ono. Mkati mwake muli ufa wachitsulo umene umatentha ukakumana ndi mpweya, kutanthauza kuti kathumbako kamapuma mpweya womwewo umene nyama ikupuma. N'chifukwa chake katoni imafunika timabowo tiwiri kapena titatu todutsa mpaka pa styrofoam, chofewa choyera chija choyala mkati mwa katoni. Ine ndimakatsegula kusanathe ola kuti ndilongedze, ndimve ndi dzanja kuti kayamba kufunda, kenako ndimakamata ndi tepi kuchivundikiro, mbali yopumira itayang'ana mkati. Pakati pa iko ndi kontena ndimadzazapo mapepala ofwinyafwinya. Kasakhudze kontena ngakhale pang'ono.

Za kamtengo, mantha anu ndawamva, koma nanzikambe si njoka yoti mungoimangira m'thumba la nsalu. Zala zake zinalengedwa ngati chopanira, zitatu mbali iyi, ziwiri mbali inayo, ndipo akasowa chogwira amapalasa pulasitiki ulendo wonse mpaka mphamvu kutha. Boolani kontena mbali ziwiri, lowetsani kamtengo kopingasa, mumate kunsonga kuti kasazungulire. Akagwira, mkati muli mdima, amagona. Ndinatsegulapo katoni itayenda usiku wonse, n'kupeza mwini wake ali phee pa kamtengo, mchira utapiringizika ngati nkhata, khungu lili mbee ngati mmene amaonekera akagona.

Ndipo Lachinayi musadzatumizenso. Lolemba kapena Lachiwiri basi, kuti ikachedwa isakumane ndi masiku opuma. Wogula azikatenga yekha kudepoti, isamazungulire m'galimoto yogawa katundu tsiku lonse.

Wosunga abuluzi:
Zoona zimenezo. Koma tibwerere kwa wodwala. Bwanji amunyike m'madzi ofunda mphindi 15? Abuluzi anga akauma thupi ndimatero, amatsitsimuka.

Woweta wamkulu:
Achemwali, kwa abuluzi anuwo zimatheka, koma kwa uyu ayi ndithu. Moyo wake wonse ndi wa m'mitengo, beseni la madzi limangomuopseza. Ngakhale mbale ya madzi m'khola saidziwa kuti ndi madzi. Amamwa madontho oyenda pamasamba. Mayiwo atenge kabotolo, aboole ndi singano, akaike pamwamba pa khola kuti kazidontha pa tsamba lomwe lili pafupi ndi nthambi yake. Azipopera masamba m'mawa magetsi asanayake komanso madzulo, osalunjika kumaso kwake, akatero achokepo. Ambiri samwa munthu akuwayang'ana.

Dokotala wa ziweto:
Ndawerenga zonse, ndipo za sirinji ndi beseni ndikugwirizana ndi bambo anenawo. Kuda thupi ndi kukana chakudya kwa masiku angapo pambuyo pa ulendo sizindidetsa nkhawa kwambiri. Chondiopsa ndi kutsinzina masana. Nanzikambe wabwinobwino maso ake sapuma, lina kuno lina uko. Apempheni mayiwo zithunzi, ajambule ali patali. Tione ngati maso alowa mkati. Tionenso chitosi: mbali yoyera ija ikakhala yoyera ndiye kuti madzi alimo m'thupi, ikakhala ya olenji yonse ndiye kuti wauma. Amvetserenso akamapuma. Thovu kapena malovu otamuka m'kamwa, kaphokoso ngati kuthetheka, kukweza mphuno kumwamba nthawi yaitali, zimenezo ndi za m'mapapo, sizidikira mawa.

Koma pali mawu amodzi amene tonse tawadumpha. Mwati ndi wamkazi wa miyezi 9, ndipo akutsikira pansi. Akutsika ngati wofooka, kapena akuyendayenda n'kumapalasa m'makona? A veiled aakazi amapanga mazira ngakhale sanakumanepo ndi wamwamuna, ndipo pa msinkhu umenewu n'zotheka kwambiri. Amatha kunyamula 30 kapena kuposa. Akasowa pokumba amawasunga m'mimba, ndipo zimenezo zimapha.

Woweta wachinyamata:
Adokotala, mwandikumbutsa. Sabata yatha anayamba kuchepetsa kudya ndipo m'mbali munatukuka, ine ndimati wangonenepa. Ndawaimbira mayiwo, akuti amapalasa pakona ndi miyendo yakutsogolo. Zithunzi zabwera: maso alowa pang'ono, chitosi n'chachikasu kunsonga, thovu palibe.

Dokotala wa ziweto:
Ndiye aike chidebe lero lomwe. Chikhale chakuya masentimita 30, mudzaze mchenga wotsuka wosakaniza ndi dothi lopanda feteleza, wonyowa moti mukaboola ndi chala dzenje lisagumuke. Nthambi imodzi itsikire m'chidebemo. Akayamba kukumba, aphimbenso kutsogolo kwa khola, asasuzumire, chifukwa akaona munthu amasiya dzenje. Pakapita masiku awiri osaikira, kapena akamatsinzinabe, kapena akayamba kulephera kugwira nthambi, apite naye kwa dokotala wodziwa zokwawa akamuunike ndi X-ray. Asayese kufinya mimba.

Afufuzenso magetsi. Pa nthambi yoothera pakhale madigiri 27 mpaka 29 kwa wamkazi, ayeze ndi themometa osati kungoganizira, ndipo usiku azimitse zonse kuti kuzizireko. Getsi la UVB, lotulutsa kuwala kwina kumene kumapezeka m'dzuwa, likhale la chubu chachitali, pamwamba pa sefa ya padenga la khola, chifukwa kuwala kumeneku sikudutsa galasi. Popanda iko thupi silitenga calcium, ndipo wamkazi wa mazira amaifuna yambiri.

Wosunga abuluzi:
Ndaphunzirapo, beseni ndalibweza. Kungowonjezera kwa amene mumatumiza kunja kwa dziko: ananzikambewa ali pa mndandanda wachiwiri (Appendix II) wa CITES, mgwirizano wa mayiko woyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire umene unasainidwa ku Washington mu 1973, ndiye popanda chilolezo katoni imagwidwa pamalire nyama ili momwemo. Pandege amatsata malamulo a IATA, bungwe la makampani a ndege, a kalongedzedwe ka zamoyo. Ndipo mayiwo ngati ali ndi zokwawa zina, mlendoyu akhale chipinda chake miyezi iwiri kapena itatu, chitosi chikapimidwe njoka za m'mimba.

Woweta wachinyamata:
Lero Lachinayi, ndabwera ndi nkhani. Lachiwiri masana anatsikira m'chidebe, mayiwo anapirira osasuzumira, ankangomva mchenga ukuwaza pa nsalu. Dzulo m'mawa anamupeza wakwera pa nthambi, wafota ngati thumba lokhuthula, mphuno ili mchenga wokhawokha, dzenje atakwirira bwinobwino. Afukula mazira 34. Wamwa pa tsamba nthawi yaitali, kubiriwira kwayamba kubwerera, ndipo madzulo wawombera chiwala chimodzi chowaza calcium. Diso lamanzere likutsinzinabe nthawi zina, ndiye mawa akupita naye kwa dokotala, ndalama yake ndilipira ine. Adokotala, poti wangoikira kumene, calcium aziwaza pa chakudya chilichonse, kapena adumphitse masiku? Ndipo bambo olongedza, ndapanga kale kontena ina yokhala ndi kamtengo, ndikutumizirani chithunzi muione ndisanaikemo chamoyo.