Sokawe yasiya kumwa madzi: tipopetsenso kapena tikumbe ina?

Nambewe:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kuseri kwa nyumba, pamwamba pa sokawe (dzenje lomwe madzi ochokera mu septic tank amalowera m'nthaka), pakunyowa ngakhale ndi dzuwa la Okutobala lino. Udzu wake uli biriwiri ndipo madzulo pakumanunkha. Tikagejemula chimbudzi madzi akutsika mochedwa, mapaipi n'kumalira. Septic tank tinapopetsa chaka chomwe chino koma yadzazanso.

Pulambala:
Mayi, kudzaza kokhako si vuto, thanki imayenera kukhala ndi madzi olekeza m'munsi mwa paipi yotulutsira. Tsegulani chivundikiro cha mbali yotulutsirayo. Mukapeza paipi yamira, pisanimo ndodo zotsegulira mapaipi. Mukaona kuti njira ili bwino koma madzi sakutsika, ndiye kuti sokawe yakana.

Onaninso ngati paipi yaifupi yooneka ngati chilembo T, ya pakamwa pa paipi yotulutsirayo, ilipo. Ikathyoka, mafuta oyandama pamwamba ndi matope zimadutsa n'kukamata miyala ndi makoma a dzenje. Pamapangika utope wakuda, wonanda, umene sulola madzi kulowa m'nthaka. Galimoto yopopa siingachotse zimenezo, n'chifukwa chake mwangopuma pang'ono vuto n'kubwerera. Chonde, munthu asalowe m'thankimo, asaweramiremo, asayatsenso moto pafupi. Mpweya wa mmenemo umapha.

Chekadothi:
Apulambala anena zoona. Ngati yakana, kumbani pena, koma yambani mwayesa dothi. Pa msinkhu pomwe padzadutse paipi, kumbani kadzenje ka masentimita 30 m'litali, m'lifupi ndi kuya komwe. Dzazani madzi agonemo usiku. M'mawa dzazaninso, muwerenge nthawi yomwe madzi atenge kutsika masentimita 15 apakati. Akapitirira maola anayi, dothilo ndi lamakande, dzenje lakuya silikuthandizani.

Dothi likakhala lochedwerapo koma likumwa, ngalande zazitali zimaposa dzenje limodzi. Mulifupi masentimita 60, pansi kwale wotsuka bwino masentimita 30, pamwamba pake paipi ya PVC ya 110 mm yobowola, mabowo ataloza pansi. Itsike sentimita imodzi pa mamita awiri alionse, osaposa, apo ayi madzi onse athamangira kumapeto. Phimbani ndi kwale wina, yalani nsalu ya geotextile (yolola madzi kudutsa koma yotchinga dothi), kenako dothi. Kwale wafumbi amatseka msanga. Pansi pa ngalande pakhale mita imodzi kapena kuposa pamwamba pa pomwe madzi a m'nthaka amafika mu Febuluwale, ndipo chitsime kapena mjigo zitalikire mamita osachepera 30.

Gogo Phiri:
Mwanawe, ana asamasewere ponyowapo, tchingapo lero lomwe. Ngati pafupi pali chitsime, madzi ake muziwiritsa kapena kuthira kolorini. Madzi a padenga asalowe m'thanki, galimoto isaime pa ngalande, ndipo bulugama akhale kutali chifukwa mizu yake imalowa m'mapaipi. Chaka chilichonse mangani chinsalu choyera ku nsungwi, pisani mpaka pansi pa thanki. Matope akuda akafika gawo limodzi mwa magawo atatu a kuya kwa madzi, itanani opopa. Mankhwala amene amati amatsegula sokawe musatayirepo ndalama.