Za evidence based practice izi, ku health centre zimathekadi?

NesiWaMchinji

Moni anzanga anamwino. Ndili pa upgrading ndiye semesita ino tili ndi research methods, aphunzitsi akuti chilichonse chomwe timachita kwa wodwala chizikhala ndi umboni wa kafukufuku osati zoti "ifeyo timapanga choncho kuyambira kale". Mkalasi zikumveka bwino koma ine ndimagwira ku health centre kuno ku Mchinji, usiku umakhala wekha, labour ward ndi iweyo wobwera mwadzidzidzi ndi iweyonso, netiweki yake ya apo ndi apo, nthawi yosaka ma journal ndiipeza kuti? Komanso kafukufuku wambiriyu si wa azungu, odwala awo zipangizo zawo, angagwire kwa mayi wa ku Mkanda? Ndipo akufuna topic ya proposal mwezi uno, mutu wanga waima ndithandizeni.

Sista_Mzamba

Asisi mwati wa azungu? Inu a ku Mchinji ndi amene simukuyenera kuyankhula choncho kkkk. MaiMwana mwaiwala? Kafukufuku ameneuja anachitikira m'midzi mwanu momwemo. Anatenga madera 48 nkuwagawa mwa maere, kwina magulu a amayi okambirana za uchembere, kwina amayi odzipereka oyenda m'makomo kulangiza zoyamwitsa, kwina zonse ziwiri, kwina palibe. Zotsatira zinatuluka mu journal ya Lancet mu 2013, ndipo mu 2014 WHO inalimbikitsa magulu a amayi otere itaphatikiza umboni wa kuno ndi wa ku Nepal, India ndi Bangladesh. Ife a ku Kasungu tinali ndi kafukufuku wina wotchedwa MaiKhanda, pamodzi ndi Lilongwe ndi Salima.

Za maerezo muzimvetse bwino chifukwa pa mayeso zibwera. Munthu ukasankha wekha midzi umatenga yapafupi ndi tala komwe galimoto imafika, amayi ake amabwera kale kusikelo msanga, ndiye imfa zikachepa sungadziwe ngati lathandiza ndi gulu kapena msewu.

Achimwene_CO

Ine si namwino koma ndilowerereko. Kafukufuku wa FEAST muuwerenge asisi, ndi umene unanditsegula maso ine. Mwana wabwera thupi lili moto, manja ndi mapazi zizilala, wafookeratu, tonse tinaphunzitsidwa kuti thamangitsa dripu mpatse bolus (madzi ambiri a dripu mwachangu) ndipo ukatero mwana uja amaonekadi ngati watsitsimuka, mayi ake mpaka kukuthokoza. Anayesa pa ana oposa 3,000 ku Uganda, Kenya ndi Tanzania, zotsatira za 2011 zinaonetsa kuti opatsidwa bolus ndi amene anamwalira ambiri m'maola 48 oyamba, mpaka kafukufukuyo anamuimitsa asanathe. Maso ako pa bedi limodzi sangaone zimenezo, zimaoneka ukawerenga ana ambiri. Koma chonde wina asamve molakwika, ana otsegula m'mimba sanali nawo mu kafukufukuyu, mwana amene madzi amuthera chifukwa chotsegula m'mimba Plan C (yomubwezera madzi mwachangu pa dripu) ikadali yomweyo. Nchifukwa chake osamangowerenga conclusion, onani anatenga ndani anasiya ndani.

GogoWaMuWodi

Ana inu zonsezo nzabwino koma tisanamizane. Umboni unasefedwa kale uli mu ma guideline a unduna, vuto lathu si kusadziwa ayi. Ndani sadziwa kuti mtima wa mwana umamvetseredwa mphindi 30 zilizonse? Koma amayi anayi akubuula, namwino mmodzi, tochi ya pafoni kukamwa, partograph (pepala lolembapo mmene matenda a mayi wochira akuyendera) imadzazidwa mwana atabadwa kale mwinanso akuyamwa. Ndiponso ndikuchenjezeni, musakasinthe kachitidwe panokha chifukwa mwawerenga kapepala pa foni, zikavuta a Council ya anamwino sadzafunsa za journal, adzafunsa protocol ikuti bwanji. Mwapeza chatsopano pitani nacho kwa in-charge, chikambidwe pa morning report.

Sista_Mzamba

Amayi mwanena zoona ndipo mosadziwa mwawapatsa topic asisiwa. Partograph yomweyo. Tengani mafayilo a amayi amene anachira miyezi ingapo yapitayi, pangani ka checklist, mtima wa mwana unalembedwa kangati, njira inayezedwa maola 4 aliwonse kapena ayi, BP, nanga mzere utadutsa action line (mzere wosonyeza kuti mayi wachedwa, pachitike kanthu) chinachitika nchiyani. Muonenso ngati za usiku zikusiyana ndi za masana. Kenako khalani pansi ndi anamwino angapo muwafunse chimawalepheretsa nchiyani, mosalemba maina, apo mwaphatikiza manambala ndi zocheza, aphunzitsi amazikonda zimenezo. Ndalama yake ndi ya fotokope basi. Chokhacho osayamba kutolera data musanapeze chilolezo cha ethics, ngati muli ku KUHeS (Kamuzu University of Health Sciences) ndi komiti ya ethics ya sukuluyo, ena amadutsira ku NHSRC, komiti ya dziko yoona za kafukufuku wa zaumoyo, kuphatikizapo kalata ya kwa DHO, mkulu wa zaumoyo m'boma lanu. Zowerenga yambani ndi Malawi Medical Journal, ndi yaulere pa intaneti ndipo odwala ake ndi athu omwewa. Mukapita ku boma kukatenga mankhwala gulani kabandulo mudawunilode mapepala asanu a kafukufuku pa webusaiti ya PubMed muzikawerenga kunyumba, za HINARI, njira yopezera ma journal olipira, funsani ku laibulale ya sukulu yanu.

NesiWaMchinji

Eee zikomo nonse, ya partograph ija ndaitenga. Amayi musadandaule sindisintha kanthu pandekha kkkk. Koma mafayilo angati angakwane? Supervisor wanga pa sample size sanyengerera.

Achimwene_CO

Yambani mwawerenga mu maternity register kuti pamwezi mumachiritsa amayi angati, nambala imeneyo ndi imene mulowetse mu formula. Ngati ndi ochepa tengani onse osasankha. Ndipo muyambe mwakasuzumira ku store ngati mafayilowo alipodi onse, chiswe sichidikira proposal.