Bambo wa aphasia akuwerenga kanji koma kana yakanika, makadi ndikonze bwanji?

Nachisale: Anzanga thandizeni mutu waima, kuno ku Japan ndi 11 usiku. Ndili pa placement ku wodi ya rehab, ST (speech therapist, wothandiza odwala kulankhula) amene amandiyang'anira wapita ku maliro abwera Lachitatu ndipo wandisiyira kuti ndikonze makadi a bambo wina wa zaka za m'ma 60, sitiroko ya ubongo wa kumanzere, miyezi iwiri tsopano, yawasiya ndi aphasia (kusokonekera kwa chilankhulo chifukwa cha kuvulala kwa ubongo). Pa SLTA (mayeso a aphasia a kuno) mawu a kanji (zilembo za Chijapani zonyamula tanthauzo) akawaona amaloza chithunzi cholondola pafupifupi onse, koma mawu omwewo ukawalemba mu hiragana (mtundu wa kana, zilembo zoimira maliwu) amangoti maso tong'o. Dzina lawo ndi adilesi amalemba mu kanji ndi dzanja lamanzere, koma ukawatchulira "ka" akulemba "ta". Ndiye akazi awo anagula tchati cha gojuon chija cha ana chophunzirira kana n'kupachika pabedi, uthenga uliwonse akuwalembera mu hiragana akuti ndiye yosavuta. Dzulo bambowo anachigwetsa pansi n'kutembenukira kukhoma, sesheni yonse sanandiyang'ane.

aPhiri Fizio: Achemwali musavutike. Yambirani pansi, a e i o u, kenako ka ke ki ko ku ngati Sitandade 1. Kanayo si maphatikizo ngati athuwa? 46 okha. Kanji ndi masauzande, munthu wodwala mungamuyambitse ndi katundu wolemera?

Mayi OT (occupational therapist): aPhiri apo ndiye pamene akaziwo alakwitsa. Kana ilibe tanthauzo payokha, umayenera kusandutsa chilembo kukhala liwu kenako kulumikiza, njira imeneyo ndi imene yaduka. Kanji ya phiri kapena mtsinje imakupatsa tanthauzo ukangoiona. Sumiko Sasanuma anazilemba kalekale m'ma 1970 kuti odwala ambiri kana imawavuta kuposa kanji. Tchaticho chimathandiza wa dysarthria (wovutika kutchula mawu chifukwa cha minofu ya m'kamwa) amene chilankhulo chili bwinobwino m'mutu, wa aphasia ndi kumuzunza chabe. Chichotseni koma muwafotokozere mayiwo mwaulemu, nawonso akulira mumtima.

aPhiri Fizio: Ndamva koma chosweka ndi chimene timakonza. Mwendo wofooka sitiusiya n'kumalimbitsa wabwinowo. Ayambe a e i o u.

Nangondo: Ine tchati cha ana ndinalumbira. Chaka china ndinapatsa buku la Sitandade 1 abambo ena opuma pantchito ya uhedimasitala, anthu aulemu wawo, anabwera atavala tayi. Anatsegula, anaona chithunzi cha galu, anatseka bwinobwino n'kundibwezera ndi manja awiri. Sanabwerenso, mwana wawo anati akukana kukwera minibasi yobwera kwa ife. Mpaka lero chimandiwawa. Nachisale makadiwo akhale a zinthu za munthu wamkulu, mayina a zidzukulu, siteshoni ya sitima yakwawo, ntchito imene ankagwira.

Achimwene a ku Leeds: Musanathamangire makadi mwayeza maso? Sitiroko ya kumanzere hemianopia ya kumanja (kusaona mbali ya kumanja) sichedwa, ndipo mawu a kana amatalika pomwe kanji ndi chilembo chimodzi kapena ziwiri. Yesani kulemba chotsika pansi muone ngati zikusintha. Magalasi owerengera ali nawo kapena anatsala kunyumba? Komanso musakhulupirire msanga kuti kanji ili bwino, dzina ndi adilesi dzanja limalemba lokha. Ndinali ndi agogo ena kumudzi ankawerenga Salimo 23 osaphonya, banja lonse kusangalala, nditatembenuza tsamba anapitirizabe Salimo lomwelo.

Nachisale: Maso anayeza alibe hemianopia. Chotsika pansi sindinayese. Kanji zimene amakhoza ndi za tsiku ndi tsiku, zosowa zija amagwa nazo, ndipo kuwerenga mokweza nthawi zina amatchula china chapafupi, pa tebulo anati mpando.

Mayi OT: Eya chimenecho lembani mu fayilo, tanthauzo likufika koma liwu ayi. Muwafunse a ST za SALA, mayeso ena a aphasia, ili ndi magawo a mawu opanda tanthauzo, ndiyo ingakuonetseni bwino. Ndipo musatenge ngati lamulo kuti aliyense kana ndiye imafa. Zilipo zotembenuka, Gogi aphasia imene Tsuneo Imura anafotokoza mu 1943, munthu kana akuwerenga bwinobwino osamva chimene akuwerenga, kanji ya ebi (shrimp) akuiwerenga kuti kairo chilembo ndi chilembo. Makoto Iwata naye anasonyeza kuti pakavulala kumunsi chakumbuyo kwa temporal lobe (gawo la ubongo la pafupi ndi khutu) ya kumanzere ndi kanji imene imatayika. CT yawo, chithunzi cha ubongo, mwaiona?

aPhiri Fizio: Zonsezo ndi zabwino koma akatuluka adzalemba bwanji meseji pafoni popanda kana? Ine ndikuti a e i o u basi.

Achimwene a ku Leeds: Pa foni pokhapo aPhiri mwanena zoona, kanji pafoni umayamba kutayipa katchulidwe kake. Koma polowera si tchati. Kumeneko amagwiritsa keyword, chilembo chilichonse uchimangirire ku mawu amene wodwala akuwadziwa, "ka" ya kaki (chipatso cha kumeneko), ayambe mawuwo kenako adule mutu wake. Zilembo zitatu kapena zisanu pa sabata zakwana. Koma Nachisale samalani, laisensi ya ST ya kumeneko mulibe, musayambe therapy yatsopano mwini wake kulibe. Konzani makadi, lembani zimene mwaona, dikirani Lachitatu. Ndipo kugwetsa tchati kuja muuze nesi, kukhumudwa kwa pambuyo pa sitiroko kumapha chidwi chonse.

Nangondo: Komanso musawachititse madzulo atachoka ku fizio, amakhala atatheratu.

aPhiri Fizio: Fizio musainamizire. Ndipo keyword yanuyo mapeto ake ndi ka ke ki ko ku yomweyo.

Mlongo wa ku Mzuzu: Pepani kulowerera, alipo amene ali ndi makadi a zithunzi a Chitumbuka? Ndili ndi mayi wina Chichewa ndi Chingerezi zathawa, chatsala cha kwawo chokha, ine ndikungojambula pamakatoni.

Nangondo: Ndinali nawo pa fulashi, ndifufuze mawa ndikafika ku ofesi.