Linki ikukagwera pamwamba pa nkhani, cursor ikundithawa

Mlembi wa ku Ulongwe:
Akuluakulu ndithandizeni. Ndimalemba zidziwitso pa tsamba la pa intaneti la gulu lathu la alimi a mbatata ya kachewere kuno ku Angónia. Ndikalemba kuti "mitengo ya mbewu muione apa", ndimasankha mawu akuti "apa" n'kudina kabatani kooneka ngati tcheni. Kabokosi kakatuluka ndimamatamo adiresi. Pobwerera ndimapeza linki yakakhala pamwamba penipeni, "apa" ali chikhalire. Tsiku lina imakhala pamalo pake bwinobwino, koma zonse zomwe ndilemba pambuyo pake zimasanduka za buluu ngati linki, mpaka mtengo wa feteleza womwe. Laputopu ndi yakale ndithu.

Wokonza mafoni pa Zóbuè:
Bambo, laputopu musayinamizire, mavuto anuwo ndi awiri. Mukadina m'kabokosi ka adiresi, cursor (kamzere kothwanima kosonyeza pomwe mukulemba) imachoka m'nkhani n'kulowa m'kabokosiko. Pulogalamu yolembedwa bwino imasunga malo omwe munasankha, ina imaiwala, ndiye ikasowa pogwira imaponya linki poyambira penipeni. Yesani kusankha mawuwo n'kudina Ctrl+K, manja osachoka pa kiyibodi. Mu Gmail ndi Google Docs njira yake ndi imeneyi, ndipo mapulogalamu ambiri anatengera. Ikagwera polakwika, Ctrl+Z msangamsanga musanalembe kalikonse.

Za buluuzo, cursor imakhala ikadali m'kati mwa linki ngakhale m'maso ikuoneka ngati yatuluka. Dinani muvi wa kumanja musanapitirize. Ine ndimayamba ndamaliza chiganizo chonse mpaka kadontho, linki ndimaika pomaliza, ndiye palibe choti chilowerere.

Mphunzitsi ku Tsangano:
Achimwene, onaninso chikhatho. Pa laputopu zakale chikangokhudza touchpad (pamalo poyendetsera cursor ndi chala) uku mukulemba, cursor imalumphira mzere wina inu osadziwa. Kwa ine zinatha nditalumikiza mausi n'kuzimitsa touchpad.

Mayi wa ku Moatize:
Kodi browser yanu (pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti) simunailole kuti izimasulira tsamba kuchokera m'Chipwitikizi? Chomasuliracho chimasintha zolemba za pa tsamba pomwepo, ndipo pulogalamu yolembera imatha kusokonezeka nazo. Chizimitseni pa tsamba limenelo. Ngati pulogalamu yanu ili ndi Markdown (njira yolembera ndi zizindikiro osadina mabatani), tsegulani imeneyo: mumalemba [apa] kenako adiresi m'mabulaketi ozungulira mosasiya mpata, kabokosi osakaonanso. Komanso mukamakopera mawu kuchokera kwina muzimata ndi Ctrl+Shift+V, kuti asabwere ndi zobisika zake.

Mlembi wa ku Ulongwe:
Zikomo nonse. Za muvi wa kumanja zagwira, buluu uja wasiya kufalikira. Ctrl+K ikutsegula kabokosi komweko ndipo linki ikukhala pa "apa", koma kabatani ka tcheni kakadaponyabe pamwamba ngakhale chomasulira ndachizimitsa. Mayi a ku Moatize, Markdown imeneyo ndikaipeze mbali iti?